Kuukira, Ciwembu Kapena Kuthira Nkhondo: Timuuze Ciani Womvera?

Nkhani zambiri zimene timawerenga pa wailesi za m'madera kuno ku Angónia sizibadwa m'Cinyanja. Zimafika m'Cipwitikizi kucokera ku Maputo ndi ku Tete, zina zimalowera ku Calómuè ndi ku Lizulu zili m'Cingelezi, kudzera m'nyuzipepala za ku Malawi ndi m'mafoni a ana athu. Nchito ya muulutsi ndi kuzitembenuza kuti agogo a ku Domué amve ali pakhonde pawo. Mawu ambiri savuta. Mvula ndi mvula, msonkho ndi msonkho. Koma pali liwu limodzi limene limaimitsa colembera nthawi zonse: Angelezi amati attack, Apwitikizi amati ataque. Kwa iwo liwuli ndi limodzi, lalifupi, lolowa paliponse. Ife tilibe lotere. Tili ndi mawu ambiri, ndipo lililonse likamatuluka pakamwa limakhala laweruza kale mlandu. Funso la nkhani ino ndi ili: kodi munthu angathe kuchula coipa cimene wina wacitira mnzake popanda kuima mbali? Ngati sangathe, atani kuti asalakwire munthu?

Liwu lolowa paliponse

Odziwa mbiri ya mawu amati Angelezi adalitenga kwa Afalansa ca m'ma 1600, Afalansawo atalitenga ku Italy. Kumeneko attaccare poyamba linkatanthauza kumangirira cinthu ku cinzake. Asilikali ankanena za kulumikiza nkhondo, kutanthauza kuti magulu awiri agundana. M'kupita kwa nthawi anthu adaleka kuchula nkhondoyo, liwu la kumangirira lija n'kutsala lokha likutanthauza kumenya. M'Cipwitikizi zingwe zomangira nsapato amazicha atacadores. Mwana wa sukulu womanga nsapato m'mawa ndi msilikali wolowa m'mudzi usiku, mneni wawo ndi mmodzi. Zikumveka zoseketsa, komatu muli nzeru: woputa mnzake wadzimangirira kwa iye, ndipo mfundo yake simasuka msanga.

Lero liwuli lidayanga ngati dzungu la paculu. Anthu a mfuti akalowa m'tauni, ndi ataque. Fisi akagwira mbuzi, ndi ataque. Timu ya Chingale de Tete ikamapanikiza golo la anzawo, olengeza mpira amakuwa liwu lomweli, ndipo mnyamata womwetsa zigoli amamucha atacante. Mtsempha wopita ku mtima wa munthu ukatsekeka mwadzidzidzi, adotolo amalemba ataque cardíaco. Mwana akagwa khunyu m'kalasi, aphunzitsi amati wacita ataque. Mbozi zikalowa m'cimanga, alangizi a zaulimi amalemba liwu lomweli m'lipoti lawo. Wandale akayankhidwa mawu owawa pa msonkhano amadandaula za ataque pessoal. Cingelezi naco cimayenda njira yomweyi ndi attack wake. Pa zonsezi cofanana n'cakuti cinthu cabwera mwadzidzidzi, cabwera ndi mphamvu, ndipo cagwera wina. Za wolakwa ndi wosalakwa liwulo limangoti cete.

Mawu athu sakhala cete

Tengani kuukira. Tsinde lake ndi kuuka, kudzuka. Woukira ndi amene adali pansi n'kudzukira wa pamwamba pake: mwana kuukira makolo, anthu kuukira mfumu, asilikali kuukira boma. Ndikanena kuti anthu a m'mudzi wakuti aukira apolisi, ndanena kale kuti iwo ndi olamulidwa ndipo aphwanya mwambo. Ndikanena kuti dziko lalikulu laukira dziko laling'ono, womvera wa khutu lakuthwa amadabwa, cifukwa cithunzi catembenuzika.

Tengani ciwembu. Ici n'cokonza mseri, cocitira munthu wosayembekeza, ndipo palibe amene adatamandidwapo cifukwa ca ciwembu. Mbale wake ndi kulalira, kubisala m'mbali mwa njira kudikira woyenda. Kufunkha kumanena za katundu: ng'ombe, nkhokwe, mbuzi, nthawi zina anthu amene. Kuputa kumaloza amene wayamba. Kubwezera kumanena kuti padali kale ngongole. Kuthira nkhondo kumacitika poyera, ndipo kumavomereza kuti mbali inayo ndi gulu lankhondo lenileni, n'cifukwa cake maboma salikonda liwuli akamanena za anthu owaukira, poopa kuwakweza. Matenda saukira munthu, amamugwira. Mawu owawa ali ndi mayina awoawo: kudzudzula, kunyoza, kutukwana, kuneneza, ndipo mwana wa zaka khumi amadziwa kuti kudzudzula ndi kutukwana n'zosiyana.

Conco muulutsi akalandira ciganizo cimodzi ca Cipwitikizi, ali ndi makomo asanu ndi awiri kapena kuposa, ndipo khomo lililonse limatulukira ku bwalo lake. Akasankha ciwembu, wamanga munthu. Akasankha kubwezera, wamumasula pang'ono. Akasankha kuthira nkhondo, wamupatsa yunifolomu. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Ife a pa wailesi ndife akandimverere a mudzi wonse, ndipo za m'maluwazo zingathe kulowa ndi liwu limodzi lokha.

Zimene mbiri yathu imaphunzitsa

Ife a kuno sitifunika kupita kutali kuti tione zimenezi. Dzina la Angónia lidacokera kwa Angoni a Maseko amene adakhazikika pa phiri la Domwe ca m'ma 1870. Ankhondo awo akatuluka m'cilimwe kukatenga ng'ombe ndi anthu, kwa iwo kudali kupita ku nkhondo, nchito ya amuna, yovinira ngoma pobwera. Kwa Acewa amene ankathawira m'mapiri ndi kumanga malinga, kudali kufunkha. Ambiri a ife magazi onse awiri ali m'thupi limodzi: agogo ena adanyamula cishango, agogo ena adagwidwa. Tikamasimba mbiri imeneyi pa mwambo, lilime limasankha lokha agogo amene likuwaimira. Pambuyo pake adabwera azungu. Angelezi adapha Inkosi Gomani Chikuse mu 1896, ndipo maulendo ankhondo a nthawi imeneyo Apwitikizi ankawalemba kuti campanhas de pacificação, ndiye kuti maulendo obweretsa bata. Midzi inkapsa, koma pa pepala padalembedwa bata.

Pa 23 Janeiro 1915 anthu a John Chilembwe adalowa usiku m'nyumba za azungu a minda ya ku Magomero napha William Jervis Livingstone. Boma la Nyasaland lidaona ciwembu ca akapirikoni? Ayi, lidaona kupanduka koyenera cingwe, ndipo ambiri adanyongedwa kapena kuomberedwa. Lero nkhope ya Chilembwe ili pa ndalama za kwacha, 15 Janeiro ndi tsiku lake la chuthi, ndipo ana a ku Malawi amaphunzira monyadira kuti adaukira atsamunda. Liwu la kuukira silidasinthe, cidasintha ndi maganizo a anthu pa ulamuliro umene adauukira. Kwathu kuno n'cimodzimodzi. Pa 25 Setembro 1964 ankhondo a Frelimo adaombera posito ya Chai ku Cabo Delgado. Apwitikizi ankawacha terroristas. Ife tsikulo timapuma nchito caka ciliconse.

Apa pali mfundo imene liwu la ataque limabisa. Limangoona mphindi imene dzanja lakwera m'mwamba, za dzana ndi dzulo silizidziwa. Cibalo, msonkho wa nyumba ndi mbalamatodya zidakhala zaka zambirimbiri, koma palibe nyuzipepala ya atsamunda imene idazicha ataque, cifukwa zinkacitika tsiku ndi tsiku ndiponso mwalamulo. Ngakhale m'mudzi timaziona. Wina amadya malire a munda wa mnzake ndi khasu, mzere umodzi caka cino, mzere wina caka camawa. Zaka zisanu zikatha mwini munda amanyamula mpini, ndipo anthu onse amaona mpiniwo. Nyakwawa yanzeru simalekera pa funso lakuti wamenya ndani. Imapita kukaona malire. Izi sizikutsuka womenyayo, mpini ndi mpini ndipo bala lake amalipira. Koma mlandu ukathera pa mpini wokha, caka camawa ubweranso.

Pamene liwu lofewa libisa mitembo

Pa 16 Dezembro 1972 asilikali a Cipwitikizi adalowa ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo, kumwera kwa mzinda wa Tete, napha anthu wamba pafupifupi 400, amayi ndi ana omwe. Kwa olamula idali operação, nchito ya usilikali yosaka adani, ndipo idali ndi dzina lake, Marosca. Ansembe a ku Tete ndiwo adasonkhanitsa umboni, ndipo pa 10 Julho 1973 wansembe wa ku England, Adrian Hastings, adaufalitsa m'nyuzipepala ya The Times ku London. Boma la Marcelo Caetano lidakana, mpaka kunena kuti mudzi wa dzina limenelo kulibe. Padatenga zaka pafupifupi 50 kuti nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, ipepese ku Maputo mu Setembro 2022. Zimene zidacitika ku Wiriyamu sizidali kugundana kwa magulu awiri. Kudali kupha anthu opanda zida, ndipo amene angalembe liwu lofewa pamenepo wathandiza kukwirira.

Nkhondo ya zaka 16 idatiphunzitsa phunziro lomweli ndi misozi. Wailesi ya boma inkati bandidos armados, anthu ankati matsanga potengera dzina la André Matsangaissa, eni ake a Renamo ankati akumenyera demokalase. M'midzi mawu adafupika: abwera. Amene abwerawo akhoza kukhala a mbali iyi kapena iyo, nkhokwe imapsa cimodzimodzi. Pa 30 Outubro 1985 ansembe awiri a Cijezuiti, João de Deus Kamtedza, mwana wa kuno ku Angónia, ndi Sílvio Alves Moreira, adatengedwa ndi anthu a mfuti ku Chapotera pafupi ndi Lifidzi naphedwa. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi adathawira ku Malawi, ndipo ambiri a msinkhu wanga tidaphunzira kuwerenga ku Dedza ndi ku Ntcheu. Kumeneko ndi kumene liwu la attack lidatilowa m'makutu, likucokera pakamwa pa ogawa ufa ndi pa wailesi za kunja. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Outubro 1992, amene dzulo ankachedwa zigawenga adakhala cipani, n'kulowa m'nyumba ya malamulo pa masankho a 1994. Mawu adasintha m'masabata ocepa. Manda adatsala pomwepo.

Sizidathere pamenepo. Mu 2015 ndi 2016 mfuti zidaliranso m'madera a Moatize ndi Tsangano, ndipo anthu oposa 10,000 adaolokera ku Kapise m'boma la Mwanza, ena n'kusamutsidwira ku Luwani. Mbali iliyonse inkaloza inzake cala. Kuyambira pa 5 Outubro 2017, pamene anthu a mfuti adalowa ku Mocímboa da Praia, tamva mayina akusinthana pa nkhani za ku Cabo Delgado: poyamba malfeitores, kenaka insurgentes, kenaka terroristas. Dzina lililonse limabwera ndi mankhwala ake. Wacifwamba amafuna apolisi, woukira amafuna kuti pakhale kufunsa cimene camudzutsa, cigawenga cimafuna asilikali. Wosankha dzina wasankhiratu cimene dziko licite.

Palibe amene amavomera kuti wayamba

Cifukwa ciani liwu limodzi limalimbiranidwa conci? Cifukwa wocitidwa ataque amapata ufulu umene ena alibe. Pangano la United Nations la 1945, pa ndime 51, limalola dziko kudziteteza ndi zida ngati lamenyedwa ndi zida. Ndiye aliyense wofuna nkhondo amayamba wafunafuna bala loonetsa. Usiku wa 31 Agosto 1939 anthu a Hitler adavala ngati a ku Poland n'kulowa pa nyumba ya wailesi ya ku Gleiwitz, m'dziko lawo lomwe, kuti m'mawa anene kuti Germany yaputidwa ndipo ikungobwezera. Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse idayamba ndi bodza la wayamba ndani, ndipo bodzalo adalikonzera pa wailesi. Onaninso kuti maiko ambiri amene kale adali ndi unduna wa nkhondo lero ali ndi unduna wa citetezo. Mfuti ndi zomwezo.

Pa bwalo la mfumu nkhani ndi yomweyi. Mwamuna womenya mkazi wake amati adandiyankha mwacipongwe. Anyamata otentha wakuba pa msika amati tikudziteteza, apolisi amangowamasula. Wokhapa ng'ombe ya mnzake amati idandidyera nyemba. Aliyense amayambira nkhani yake pamalo pamene iye adapwetekedwa, ndipo zimene adacita pambuyo pake amazicha kubwezera. Ndimaona kuti munthu saopa kucita nkhanza monga momwe amaopera kuchedwa woputa. Manyazi amenewa ndi abwino, amasonyeza kuti mumtima tikudziwa kuti kuputa n'kulakwa. Koma ndi manyazi omwewa amene amatipangitsa kukhala akatswiri opeka amene watiyamba.

Pamene kulibe mdani

Ngozi ina imabwera pamene liwuli lalowa m'malo opanda mdani. Mpwitikizi akamva ataque cardíaco saganiza za munthu wobisala kuseri kwa nyumba, amadziwa kuti mtsempha wopita ku mtima watsekeka. Koma muulutsi akatembenuza mwaulesi n'kunena kuti bambo wakuti waukiridwa kapena wacitidwa ciwembu ca mtima, pamaliro funso limabadwa lokha: ndi ndani? Ndipo tonse tikudziwa kumene cala cimaloza. Cimaloza gogo wamasiye wa kumapeto kwa mudzi, kapena mbale amene adakangana ndi malemu pa za munda. Khunyu ndi matenda a mu ubongo, ali ndi mankhwala ku cipatala, sapatsirana pogwira wodwala ngakhale pa malovu ake. Makolo athu ponena kuti matenda amugwira adasankha bwino, cifukwa liwulo silifuna mfiti kuti limveke.

Mu Setembro ndi Outubro 2017 mphekesera ya anamapopa idayenda m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi Thyolo ku Malawi, kufupi ndi malire athu. Anthu adakhulupirira kuti akucitidwa ciwembu usiku ndi opopa magazi. Palibe wopopa magazi amene adapezeka, koma anthu angapo adaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, ena cifukwa congokhala alendo m'deralo. Opha aja mumtima mwawo ankadziteteza. Ciwembu cimene ankaciopa cidali ca m'maloto, cimene adacita cidali ceniceni. M'zigawo za kumpoto kwa dziko lathu zofananazo zacitikira ogwira nchito za umoyo amene amathira cloro m'zitsime, anthu n'kumati akuthira cólera.

Ngakhale m'munda liwuli limasintha macitidwe. Mbozi imene alangizi amaicha lagarta do funil idafika m'minda yathu ca mu 2017, ndipo imadya cimanga kuyambira mu mtima mwake. Tikamainena ngati gulu la adani, mlimi amangoganiza za cida, n'kuthira mankhwala oposa muyezo, popanda cophimba kumaso, nthawi zina cimanga citakula kale pamene mankhwalawo sathandizanso kwenikweni. Tikanena kuti mbozi zagwa m'munda, monga timanenera dzombe kapena matalala, mlimi amaganizanso za kubzala ndi mvula yoyamba, kuyendera munda m'mamawa cimanga cikadali cacing'ono, ndi kuphwanya mazira ndi manja.

Kudzudzula si kuukira

Malo ena amene liwuli limaononga ndi pa nkhani za mawu. Masiku ano munthu akafunsa kuti ndalama za mlatho zidapita kuti, kapena cifukwa cimene mtengo wa fodya watsikira pa msika, wofunsidwayo amafulumira kunena kuti akucitidwa ataque. Akangotero wasanduka wovulala, wofunsa uja wasanduka mdani, ndipo funso lafera pomwepo. M'Cinyanja cinyengo cimeneci cimaonekera msanga. Palibe angaime pa bwalo n'kunena kuti wandithira nkhondo pamene mnzake wangofunsa za malisiti. Anthu angaseke.

Makolo athu adasiya makomo oti wamng'ono adzudzulire wamkulu popanda kuchedwa woukira. Mayi wosinja pa mtondo ankaimba madandaulo ake mudzi wonse ukumva, apongozi ake omwe. Adzukulu pamaliro amanena zimene wina aliyense sangayerekeze. Asuweni amatonzana poyera. Nduna zinkabweza mfumu ikafuna kusokera. Malamulo aakulu a dziko lathu a 2004, pa ndime 48, amapereka ufulu wolankhula ndi wa atolankhani, koma ufuluwo tidali nawo kale m'njira zathu. Pamene kufunsa kwayesedwa nkhondo, yankho lake limakhalanso la nkhondo. Mtolankhani Carlos Cardoso adaomberedwa ku Maputo pa 22 Novembro 2000 akufufuza za ndalama zimene zidabedwa mu banki ya BCM. Iye adali ndi colembera. Ciwembu ceniceni cidacokera kwa amene ankadziona ngati oputidwa.

Komabe tisanamizane kuti mawu sapha. Ku Rwanda mu 1994 wailesi ya RTLM inkacha Atutsi inyenzi, kutanthauza mphemvu, n'kumauza omvera kuti adani abwera kudzawatha, adzitchinjirize asanafike. Inkachula mayina a anthu ndi malo amene abisala. Mu Dezembro 2003 khoti la maiko onse la ku Arusha lidapeza ena mwa akuluakulu a wailesiyo olakwa pa mlandu wa kupululutsa mtundu. Kusiyana kwake n'koonekeratu. Kudzudzula kumaloza cimene munthu wacita ndipo kumamusiyira mpata woyankha. Mawu a ciwembu amaloza cimene munthu ali, mtundu wake, cipani cake, khungu lake, ndipo amaitana ena kuti amugwire.

Tsono titani?

Wina anganene kuti Azungu adacita bwino kukhala ndi liwu lopanda mbali, ndipo ife tingolibwereka, tizinena kuti kwacitika ataki, monga anyamata ena ayamba kale kunenera. Mfundoyi ili ndi mphamvu. Nkhani ikangofika kumene, palibe amene akudziwa kuti wayamba ndani, ndipo mawu athu amaweruza msanga. Liwu losaweruza lingatipatse nthawi yodikira. Koma taona kuti kusaweruza kwakeko n'kwa pamaso pokha. Limayambira nkhani pa mphindi imodzi n'kusiya zam'mbuyo, limapatsa wolichula ufulu wobwezera, limaika Chai ndi Wiriyamu m'thumba limodzi pamodzi ndi mpira ndi mbozi. Kubwereka liwu lotere ndi kubwereka bulangete lofunditsa zinthu zimene ziyenera kuonedwa padera.

Njira imene ndimaiona ndi yakale, ya pa bwalo. Mboni yabwino simayamba ndi dzina la mlandu, imayamba ndi zimene maso adaona. Anthu a mfuti alowa m'mudzi wakuti usiku wa Laciwiri, atentha nyumba zakuti, afa anthu akuti, apolisi akuti ndi gulu lakuti, gululo lakana kapena silinayankhe. M'mawu amenewa mulibe ciwembu, mulibe kubwezera, koma womvera wadziwa zambiri kuposa amene wangomva ataque. Aneni athu wamba, kuombera, kutentha, kumenya, kulanda, kupha, ndi okwanira, ndipo amakakamiza wolankhula kuti anene wocita ndi wocitidwa. Amene sadziwa wocita anene kuti sanadziwike, asabise kusadziwako m'liwu lalikulu.

Mawu oweruza aja tisawataye, tiwasunge mpaka umboni utakwana. Ukakwana, tisacite nawo mantha. Kupha mwana wa cialubino cifukwa ca mafupa ake ndi ciwembu, ndipo palibe mbali yaciwiri yoti timve. Kuwotcha munthu pa msika ndi kupha, ngakhale adabadi nkhuku. Kumenya mkazi ndi nkhanza, kaya ndiwo zidapsa kapena ayi. Kusaima mbali pamene zinthu sizinadziwike ndi cilungamo. Kusaima mbali pamene zadziwika ndi mantha, ndipo wopindula ndi wamphamvu nthawi zonse. Muyezo wake ukhale umodzi: liwu limene ndingachule wa cipani cina, wa mtundu wina, wa mudzi wina, ndilichulenso mbale wanga akacita zomwezo. Caona mnzako capita, mawa cili kwa iwe.

Nchito imeneyi si ya pa wailesi pokha. Lero aliyense wokhala ndi foni ndi muulutsi, ndipo uthenga wa pa WhatsApp umafika ku Ulónguè, ku Tsangano ndi ku Johannesburg mphindi imodzi. Inu amayi ndi abambo, inu aphunzitsi, inu acinyamata, mukamva kuti akutiakuti atiukira, imani kaye mufunse mafunso atatu. Cacitika n'ciani kwenikweni, cimene maso adaona? Akunena ndani, ndipo iye apindula ciani ine ndikakhulupirira? Nanga akufuna kuti ndicite ciani ndikamva? Funso lacitatu ndilo lalikulu, cifukwa wokuuzani kuti mwaukiridwa kawirikawiri amakhala atakonza kale cimene akufuna kuti manja anu anyamule. Mukapeza kuti yankho lake ndi mwala, cikwanje kapena macesi, uthengawo uthere m'foni mwanu, ndipo nkhaniyo ipite kwa nyakwawa kapena kwa apolisi kukaca.